Injini ya Saladi Inapita Kukaphwanya Miyala

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza munazimva kale pakamwa panga, ndipo mulibe chachilendo mmenemo. Zimene ndikufuna kukusiyirani papepala ndi za ntchito, makamaka nkhani imodzi ya ku Rufunsa imene simunaimve bwino chifukwa nthawi imeneyo munali mutachoka kale pakhomo, iwe Chikondi ku Kitwe, mng'ono wako ku Lusaka. Munkangoona kuti amayi anu aonda, osadziwa chimene chikuwadya. Tsopano ndapuma, nthawi ndili nayo, ndiye khalani pansi muwerenge.

Ku Chama, zaka zoyamba

Ntchito ndinakaiyambira ku Chama ndisanakwatiwe. Bungwe limene linandilemba linkathandiza anthu ofuna kuyamba mabizinesi ang'onoang'ono. Ife tinkawaphunzitsa kulemba pulani, ndiye kuti kuika papepala chimene akufuna kugulitsa, anthu amene adzagula, kumene katundu adzachokera, ndi mavuto amene angawagwere panjira. Pulani ikakhala yomveka tinkaitumiza kulikulu, ndipo kumeneko ankawagulira makina kapena katundu woyambira. Ofesi yathu inali kachipinda kuseri kwa sitolo, denga lodontha, ndi taipi yakale imene chilembo cha "e" chinali chothyoka, moti tikamaliza kutaipa tinkakhala pansi n'kumadzaza ma "e" onse ndi bolopeni. Njinga inali imodzi, yakapalasa, ndipo inali ya bwana.

Bwanayo anali a Nyirenda, munthu wamtali, wosachulutsa mawu, wokonda fodya wamphuno. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wina amene anali atangopuma ntchito. Ankafuna kuthira penshoni yake yonse pomanga nyumba yogona alendo kumudzi kwawo, ndipo anali atajambula kale zipinda papepala, mpaka ndi malo odzala maluwa. A Nyirenda anayang'ana pepalalo, nanunkhiza fodya wawo.

"Aphunzitsi, m'nyumbamu adzagonamo ndani?"

"Alendo, bwana. Nanga dzina lake silikunena?"

"Pitani mukakhale pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa kwanuko sabata yathunthu. Mukaone alendo amene akudutsa, mudzatiuze."

Mkuluyo anachoka atakwiya. Koma anabweradi, chipewa chili m'manja, nkhope itapsa ndi dzuwa. "Bwana, ndaona ng'ombe za anthu, ana asukulu, ndi wansembe mmodzi amene anasochera. Wansembeyonso anakagona kumishoni." Tinaseka tonse, iyenso anaseka. Anagula ng'ombe zolimira ndi ngolo, ndipo anakalamba ali ndi chakudya. Tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga kuti mafunso ofunsidwa nthawi yabwino angathe kupulumutsa thukuta la munthu la moyo wake wonse. Kuyambira pamenepo pulani ndinkaikhulupirira ngati katekisimu. Ndinapita nacho chikhulupiriro chimenechi ku Katete, kumene ndinakumana ndi atate anu, kenako ku Nyimba, kumene tinawaika m'manda.

Ku Rufunsa, boma likadali latsopano

Ananditumiza ku Rufunsa ndili kale ndi imvi, boma la kumeneko litangokhazikitsidwa kumene. Nyumba za antchito kunalibe. Ndinkachita lendi kachipinda kwa mayi wina wogulitsa tomato pamsewu waukulu, ndipo mabasi a ku Chipata akamadutsa mazenera ankanjenjemera. Kuno sindinalinso a Daka, ndinasanduka ba Daka, kapena ba madamu. Bwana wanga anali ba Mulenga, mnyamata kwa ine, wobadwira ku Lusaka, wa nsapato zonyezimira ngakhale m'fumbi. Sanali woipa mtima ayi. Koma ankaopa kulikulu kuposa mmene munthu amaopera njoka. Kompyuta inalipo koma malaiti ankapita m'mawa n'kubwera anthu ataweruka. Inki ya pulinta ikatha tinkadikira wina wopita ku Chongwe. Njinga yamoto tinkabwerekana ndi a zaulimi, mafuta n'kumagula tokha.

Chimene chinandidabwitsa koyamba kunoko chinali mtundu wa mapulani amene ankabwera. Ku Chama anthu ankalemba ndi manja, molakwitsalakwitsa, koma zinali zawo. Kuno achinyamata ankakwera minibasi kupita ku Lusaka, n'kukagula pulani yolembalemba kwa anthu a makompyuta, n'kungosintha dzina pachikuto. Mnyamata wina wa ku Shikabeta anandibweretsera pulani yoweta nsomba yonena kuti madzi adzapopa mumtsinje wa Kafue. Nditamufunsa kuti Kafue amadutsa pati kwawoko, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Sanaiwerenge n'komwe. Ba Mulenga ankati, "Ba Daka, tumizani chabe, baja ku Lusaka bafuna manambala." Ine ndinkakana, ndipo tinkakangana pafupifupi mwezi uliwonse.

Chaka chimene Taonga anabwera

Ndiye mumvetse chimwemwe changa pamene mtsikana wina, Taonga Banda, analowa mu ofesi. Amayi ake ndinkawadziwa, amake Dalitso, chifukwa tinali mphakati umodzi kutchalitchi. Banja lawo linachokera ku Petauke kalekale n'kudzakhala chakufupi ndi Mpanshya, ndipo abambo awo anali atamwalira. Taonga anaphunzira zowerengera ndalama ku Lusaka koma ntchito sanaipeze. Mlongo wake wamkulu, Dalitso, anali makanika, anagwirapo m'magalaja a m'tauni mpaka anatopa ndi kulipidwa mochedwa. Awiriwa ankafuna kutsegula kampani yoyenga mafuta ophikira, saladi, kuchokera ku mpendadzuwa.

Onse awiri anabwera kumaphunziro anga, Taonga akulemba chilichonse, Dalitso atakhala kumbuyo manja atapinda, moti ndinkaganiza kuti sakumva. Pulani sanakagule. Taonga anakwera njinga n'kuzungulira midzi, kufunsa alimi ngati angalime mpendadzuwa atapatsidwa mbewu ndi kulonjezedwa msika. Analowa m'tumasitolo tonse ta pamsewu waukulu kufunsa kuti saladi amamugula kuti, ndipo amatha msanga bwanji. Anakafika mpaka kwa oweta nkhuku kuwafunsa ngati angagule zotsalira za mpendadzuwa ukafinyidwa. Pa tsamba la mavuto analembapo chilala, mbozi, kuduka kwa milatho nthawi ya dzinja, saladi wotchipa wa m'tauni, ndi kuthima kwa malaiti. Pa vuto lililonse anali ndi yankho. Pa malaitipo Dalitso ndiye anaumirira kuti asagule makina a magetsi, agule injini ya dizilo yamphamvu yoti iye angathe kuikonza yekha. Taonga anaikanso mzere umodzi umene sindinawauze ine. Analemba kuti alimi akadzachepa kufika pakutipakuti, kampani idzaleke kugawa mbewu, chifukwa kupitiriza kudzakhala kudzinamiza.

Pa zaka zanga zonse sindinaonepo pulani yotero. Ndinkayenda nayo m'chikwama n'kumaonetsa magulu ena. Kulikulu anavomera msanga. Makina anabwera pa lole, injini anaimangirira ndi mabauti pa simenti m'shedi ya malata imene Dalitso anamanga ndi manja ake. Tsiku lotsegulira amake Dalitso analira misozi, nandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amake Chikondi, ana anga mwawaimika." Chaka choyamba zonse zinayenda monga mmene zinalembedwera. Mabotolo a saladi wawo ankaoneka m'masitolo kuyambira ku Rufunsa mpaka ku Luangwa Biriji. Ba Mulenga anapachika chithunzi cha shediyo mu ofesi.

Chaka cha golide

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chachiwiri, mvula itangoyamba, kunamveka mphekesera yoti munthu wina wofuna uchi watola mwala wa golide m'mapiri a chakumpoto. Golide ku Rufunsa si nkhani yatsopano, anthu akhala akusefa mchenga m'mitsinje kuyambira kale, ndiye palibe amene analabadira. Koma pasanathe mwezi amuna anayamba kusowa m'midzi. Minda imene tinaiona itadzalidwa bwino inamera udzu mpaka m'chiuno. Taonga anabwera ku ofesi ndi pulani yake, natsegula pa mzere uja.

"Ba madamu, tafika apa. Alimi ambiri apita kuphiri. Mbewu yotsalayo sindigawanso, ndipo anyamata a pashedi ndawauza kuti tiyambe taima."

Ndinamuuza kuti asafulumire, golideyo atha ngati mmene zimathera mphekesera zonse. Iye anapukusa mutu mwaulemu, nachita zimene ananena.

Nyengo yokolola itakwana, ba Mulenga analandira uthenga woti akuluakulu a kulikulu akubwera sabata yotsatira kudzaona kampani ya Taonga, chifukwa inali itatchuka ngati chitsanzo. Anandituma kuti ndikakonzekeretse malo. Ndinafika chakum'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Chitseko cha shedi chinali chotsegula. Ndinaodira, osayankhidwa, ndiye ndinalowa. Makina ofinyira analipo, lamba wake ali lende. Koma pamene pankakhala injini panali simenti yokha, mabauti atatulukira m'mwamba, ndi banga lakuda la oilo. Ndinaima pamenepo osamvetsa chimene maso anga akuona. Ndinafika potembenuka kuyang'ana kuseri kwa chitseko, ngati kuti chinthu cholemera ngati ng'ombe chingabisale kumeneko. Ndinakhala pa thumba la mpendadzuwa.

Taonga anali pakona, atakhala pansi, chitenje atafunda kumutu ngati wapamaliro.

"Mwanawe, akuba?"

"Iyayi, ba madamu. Ni ba Dalitso. Anabwera ndi ngolo pa Sondo ine ndili kutchalitchi. Aitengera kuphiri. Akuti ikugaya miyala."

Ndikanamva kuti shedi yapsa ndi moto, ndikanalira n'kudziwa chochita. Koma izi zinali zina. Munthu amene anamanga shediyo, amene ankapukuta injiniyo ndi malaya ake, ndi amene anaimasula.

Nditabwerera ku ofesi n'kuwauza ba Mulenga, anatseka chitseko, nayamba kuyendayenda. "Ba Daka, mverani. Lembani chabe kuti injini ili ku Lusaka, bakuikonza. Balendo bakapita, tizaona vochita. Mukalemba vina, baja bazatseka thandizo ya distrikiti yonse, na ine nchito yasila." Ndinawapempha kuti andilole ndikaonane kaye ndi Dalitso.

Tinapita ndi Taonga pa njinga yamoto, mnyamata wa zaulimi atatibwereka. Msewu unathera panjira, kotsalako tinayenda pansi. Ana anga, ine ndinkaganiza kuti ndikapeza anthu ochepa ndi makasu. Titatulukira pamwamba pa chitunda ndinaona tauni. Matenti a mapulasitiki akuda anadzaza chigwa chonse, mitengo itadulidwa, nthaka itabooledwa maenje paliponse ngati chisa cha chiswe. Fumbi loyera linali pa nkhope ya munthu aliyense. Kunali ogulitsa madzi, vitumbuwa, mowa, mafoni. Ndinaona anyamata amene ndinawaphunzitsa ine, ena amene mapulani awo anali pa tebulo langa. M'dzenje lina ndinaona mutu wa imvi ukutuluka, ndipo anali ba Mwachande, wapampando wa alimi athu a mpendadzuwa, mkulu amene ankatsegula misonkhano yathu ndi pemphero. Atandiona anabwereranso pansi.

Injini tinaipeza ndi makutu. Inali pansi pa tenti, italumikizidwa ku chigayo chophwanya miyala, anthu atandanda pamzere ndi matumba awo. Dalitso atationa anaithimitsa, napukuta manja, nabwera kudzandipatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kugwada pang'ono. Sanaoneke ngati wakuba wogwidwa.

"Dalitso, wachita chiyani?"

"Ba madamu, ndimwe munatiphunzitsa kuti bizinesi ikonka msika. Msika wabwera kuno. Balimi bonse bali pano, onani mweka. Mpendadzuwa kulibe. Manje injini ikhale chabe mu shedi ichite dzimbiri?"

Kenako anayamba kundifotokozera. Asanaimasule injiniyo anabwera kuphiri kudzakhala masiku angapo, kuona anthu amene akufuna chigayo ndi kumene ankagayitsa kale. Anafufuza kumene dizilo adzagula ndi amene adzamubweretsera. Anadziwa kuti malamba amatha msanga ndi fumbi, ndiye anagula ena osungira. Anaganiziranso zoti kukabwera zigayo zina adzatsitsa mtengo mpaka pati. Ankatchula mitu ya maphunziro anga mwandondomeko yake, umodzi ndi umodzi, osadumpha. Mnyamata amene ndinkati sakumva uja anamva zonse. Ndinafunafuna polakwika m'mawerengedwe ake, ndipo sindinapapeze. Sabata imodzi ya miyala inkabweretsa zimene saladi sankabweretsa pa mwezi.

Amene anayankha anali Taonga, ndipo sanakweze mawu.

"Ba Dalitso, pa pepala la kampani tinasaina awiri. Munandifunsa?"

"Ukanakana."

"Ndiye munadziwa."

Dalitso anayang'ana kumbali. Anthu a pamzere anayamba kudandaula kuti tikuwachedwetsa, ndipo iye anabwerera n'kukailiza injini. Tinatsika phirilo, phokoso la injini likutitsatira kumbuyo.

Sabata ya chisankho

M'mawa mwake, ndisanapite kuntchito, ndinapeza amake Dalitso atagwada pakhomo panga, pafumbi. Mayi wamkulu ngati ine. Ndinawadzutsa, anakana.

"Amake Chikondi, inunso munabala. Mukalemba, mwana wanga amumanga. Mupatseni miyezi yochepa, abweza."

Ndinakafunsa Taonga kuti iye akufuna chiyani. Anati, "Musandifunse, ba madamu. Ni mlongo wanga." Choncho katunduyo anatsalira pamutu panga ndekha. Bwana akuti nama, mnzanga wa mumphakati akuti khala chete. Koma injiniyo sinali ya Dalitso, inaperekedwa ku kampani kuti iyenge saladi, ndipo pangano linkanena zimenezo poyera. Ndinkadziwanso kuti bodza likadzaululika, woyamba kugwidwa adzakhala Taonga, chifukwa ndiye ankasaina malipoti a kampani. Ndinalemba zimene ndinaona m'lipoti lopita kulikulu. Kumapeto ndinapempha kuti injini ikalandidwe ibwezedwe kwa Taonga, kampani isatsekedwe, chifukwa iye sanalakwe kanthu. Ba Mulenga anawerenga, nasaina osandiyang'ana, ndipo chithunzi chija anachichotsa pakhoma tsiku lomwelo.

Ndinkaganiza kuti ndapulumutsa kampani. Apolisi anapitadi kuphiri, anamugwira Dalitso, injini anaitsitsa. Koma sinapite kushedi. Anati ndi umboni wa kukhoti, iyenera kudikira mlandu uthe. Anaiika panja pansi pa mtengo, ataifunditsa tenti. Mlandu unkangosunthidwa, lero woweruza kulibe, mawa mboni sinabwere. Tenti inang'ambika, mvula inagwa, inatha, inagwanso. Ndinkadutsa pamenepo popita kuntchito n'kumaona udzu ukumera mozungulira, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinalemba makalata mpaka manja kuwawa. Pamene ankaitulutsa, makanika amene tinamuitana anangoigwira n'kupukusa mutu. Chimene Dalitso anandiuza paphiri chija, choti injini idzachita dzimbiri, chinachitika, ndipo chinachitika kudzera m'lipoti langa loona. Mpaka lero ndikanati ndibwerere, ndikanalembanso zomwezo. Koma musaganize kuti kunena zoona kumabweza zinthu m'malo mwake.

Dalitso anakhala m'chitokosi kanthawi, khoti linamupatsa chilango choti akagwirire kunja, ndipo anabwerera kuphiri. Anagwirizana ndi munthu wina wa ku Lusaka, anagula zigayo zawo, ndipo analemera. Lole yake inkadutsa pamsewu waukulu itadzaza madiramu a dizilo. Amayi ake anasiya kundipatsa moni, kutchalitchi ankasamuka benchi ndikakhala pafupi. Dzinja lotsatira dzenje lina linagumuka ndi mvula n'kukwirira anthu. Mmodzi mwa iwo anali ba Mwachande. Ndinapita kumaliro, ndipo kuseri kwa nyumba yawo ndinaona munda uja umene unali wa mpendadzuwa, uli thengo.

Taonga yekha ndi amene anatuluka m'moto umenewu osapsa kwambiri, ndipo chinamupulumutsa ndi mzere uja. Chifukwa analeka kugawa mbewu nthawi yabwino, sanatsale ndi mangawa kwa alimi kapena kwa antchito. Kampani anaitseka mwalamulo, makina ofinyira anabweza ku bungwe. Anakagwira ntchito m'sitolo ya munthu wina kwa kanthawi, akuyang'ana zimene anthu amafunsa koma osazipeza. Kenako anatsegula kasitolo kake pa Rufunsa, ka anapiye, zakudya za nkhuku ndi mankhwala a ziweto. Pulani analembanso, koma ulendo uno inali yaifupi, ndipo ankaisintha miyezi ingapo iliyonse. Ndi mlongo wake sankalankhulana. Akakumana kwa amayi awo, wina ankalowa khomo lakumaso wina n'kutulukira lakuseri.

Ine zaka zanga zotsala ndinapitiriza kuphunzitsa, koma mawu anga anasintha. Ndinkawauza kuti pulani ili ngati tochi: imakuonetsa dzenje lili patsogolo pako, koma siikuonetsa chimene chili kuseri kwa phiri, ndipo mumtima mwa mnzako amene wasaina naye siifikamo. Ndinayambanso kufunsa funso limene kale sindinkafunsa. Anthu akabwera awiri kapena atatu, ndinkawakhazika pansi n'kuwafunsa kuti tsiku limene adzasiyane maganizo, adzatani.

Nditapuma

Mukudziwa kuti nditapuma sindinabwerere ku Chadiza, ndinamanga kanyumba kano ku Rufunsa konkuno. Chaka chathachi, m'mawa wina ndikuthirira ndiwo zanga zamasamba, lole inaima pageti. Anatsika Dalitso. Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa. Anali ataonda, akutsokomola chifuwa chouma cha anthu a kumiyala, tsitsi litayamba kuyera asanafike n'pomwe pa msinkhu wake. Chiyambire kukhoti tinali tisanalankhulane. Ndinaganiza kuti wabwera kudzanditukwana. Anavula kapusi, nakhala pa mpando umene ndinamupatsa, nafunsa za moyo wanga ndi wa inu ana.

"Ba madamu, golide yasila. Maenje yafika patali, banthu bakufa chabe. Nili na kandalama nasunga, na lole iyi. Nifuna kuyamba vinthu vina, koma nikaganiza mutu uzungulira. Nilembeleniko pulani."

Munthu amene ndinamumangitsa, wabwera kwa ine. Ndinamufunsa kuti akufuna kuchita chiyani, ndipo anati akuganiza zonyamula zakudya za nkhuku kuchokera ku Lusaka n'kumaperekera masitolo a m'midzi mpaka ku Shikabeta, chifukwa aliyense tsopano akuweta. Msika anali ataufufuza kale, monga mwa khalidwe lake.

"Nanga mabuku adzasunga ndani? Iwe udzakhala pamsewu."

Anazunguza kapusi m'manja.

"Ndiye chifukwa nabwera. Munikambileko kuli Taonga. Imwe amakumverani."

"Zimenezo sizilembedwa ndi ine, mwana wanga. Pulani ndingakuthandize mawa lomwe. Koma kwa mlongo wako upite wekha, ndi pakamwa pako. Ine ndikwera nawo loleyo, koma sinditsika."

Tinapita. Anaimika lole patsidya pa msewu, moyang'anana ndi sitolo ya Taonga. Anakhala kaye atagwira chiwongolero, kenako anatsika n'kuwoloka. Ine ndinatsala pampando, zenera lili lotsegula. Sitolo inali yodzaza, linali tsiku lofika anapiye, azimayi ali ndi makatoni awo. Dalitso anaima pakhomo, kapusi m'manja, osalowa. Taonga anamuona. Ndinaona dzanja lake likuima m'mwamba ali ndi kamwanapiye, kenako anapitiriza kuika m'katoni ngati palibe chachitika. Anathandiza mayi wina, kenako wina, kenako mkulu wina wofuna mankhwala a nkhupakupa. Dalitso sanasunthe. Dzuwa linamuwomba pamutu, anatsokomola, mabasi anadutsa pakati pathu n'kumanditsekera maso, ndipo basi iliyonse ikadutsa ndinkayembekeza kumupeza akubwerera. Anali pomwepo.

Anthu atachepa, Taonga anatuluka kuseri kwa kauntala atanyamula thumba la chakudya cha nkhuku kuti apatse kasitomala. Pobwerera, osamuyang'ana mlongo wake kumaso, anakankha kireti yopanda kanthu ndi phazi mpaka inafika pamthunzi, pafupi ndi miyendo ya Dalitso.

Dalitso anakhala pansi. Ine ndinatsika mwakachetechete mbali inayo, n'kuyenda wapansi kubwerera kunyumba.